Osewera a NFL amene akuyenera kulowa ku Canton popanda kudikira pamzere

Moni nonse amene mukuonera. Mumzinda wa Canton, m'chigawo cha Ohio ku America, muli nyumba imene idatsegulidwa mu 1963 kuti izisunga mbiri ya akatswiri a mpira wa ku America, ndipo dzina lake ndi Pro Football Hall of Fame. Mzindawu adausankha chifukwa ndi kumene ligi imene lero timaitcha NFL idayambira mu 1920. Wosewera akasankhidwa kulowa m'nyumbayi amamuveka jekete la mtundu wa golide, amamupatsa mphete, ndipo amamuumbira chifanizo chamkuwa cha mutu ndi mapewa ake, chimene chimakakhala m'chipinda chimodzi ndi cha Jim Brown, cha Jerry Rice ndi cha akuluakulu ena a masewerawa. Funso lathu lero ndi ili: mwa osewera amene adali pabwalo mu sizoni ya 2025, ndi ati amene akuyenera kulowa ulendo woyamba umene maina awo adzafike pamaso pa ovota, osauzidwa kuti abwerenso chaka chamawa?

Tiyambe ndi malamulo, chifukwa ndiwo amene afupikitse mndandanda wathu. Wosewera sangavoteredwe mpaka patapita masizoni asanu chisiyireni kusewera. Ovota alipo pafupifupi 50, ambiri mwa iwo ndi atolankhani amene akhala akulemba za ligiyi kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri munthu amafunika kupeza mavoti 80 pa 100 alionse kuti alowe. Mu 2024 malamulowa adawakhwimitsa. Maina 15 amene afika kumapeto amawadula kuti atsale 10, kenako 7, ndipo pa asanu ndi awiriwo wovota aliyense amaloledwa kusankhapo asanu okha, moti mavoti akangomwazikana pang'ono, munthu woyenera kulowa amatsala panja.

Zotsatira zake sizidachedwe kuoneka. Mu 2025 mudalowa anthu anayi okha, Eric Allen, Jared Allen, Antonio Gates ndi Sterling Sharpe, ndipo pakati pawo panalibe ndi mmodzi yemwe wolowa ulendo woyamba. Luke Kuechly, amene adali katswiri wa otchinga onse mu ligi mu 2013, adabwezedwa ndipo adalowa chaka chotsatira. Eli Manning, amene adatenga kawiri Super Bowl, fainolo ya ligiyi imene opambana ake amapatsidwa mphete, adabwezedwanso. Mu 2026 ngakhale mphunzitsi Bill Belichick, amene adatenga Super Bowl kasanu ndi kamodzi ndi New England Patriots, sadalowe ulendo woyamba. Choncho tisamangowerenga aliyense wodziwika kuti akulowa nthawi yomweyo.

Muyeso umene tigwiritse ntchito ndi umodzi: wosewerayo atati asiye lero, kodi zimene wachita kale zikukwanira? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zimene mnyamata angadzachite zaka zisanu zikubwerazi sitiziwerengera.

Pa muyeso umenewu, dzina loyamba ndi la Patrick Mahomes wa Kansas City Chiefs. Iyeyu ndi quarterback, wosewera amene amalandira mpira poyamba pa chiwembu chilichonse n'kusankha woti amuponyere. Mu 2018, sizoni yake yoyamba kukhala woyambirira, adaponya ma touchdown 50, zigoli za mu mpira umenewu, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, ulemu umene amautcha MVP, n'kudzautenganso mu 2022. Watenga Super Bowl katatu, ndipo ulendo uliwonse ndiye adasankhidwa katswiri wa masewerowo. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti m'mafainolo atatu onsewo timu yake idayamba yatsalira ndi mapointi 10.

Taonani za mu February 2020 ku Miami. San Francisco 49ers ikutsogola 20 kwa 10, ndipo kwatsala pafupifupi mphindi zisanu ndi ziwiri. Mu mpira umenewu timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpira mayadi 10, ndipo Chiefs idali pa mpata wachitatu ikufunika mayadi 15, kutanthauza kuti ikalephera pamenepo chikho chapita. Mahomes adabwerera m'mbuyo kutali kuposa masiku onse kuti apeze kamphindi, wotchinga wa 49ers akumufika kale pathupi, n'kuponya mpira wautali umene Tyreek Hill adauwakha, timu n'kusuntha mayadi 44. Chiefs idapambana 31 kwa 20, chikho chake choyamba m'zaka 50. Wina anganene kuti Mahomes, amene adabadwa mu 1995, sanasewere zaka zokwanira, koma Gale Sayers adasewera masewero 68 okha ndipo adalowa ku Canton ulendo woyamba mu 1977 ali ndi zaka 34. Ovota sawerenga zaka ngati zimene munthu wachita m'zaka zochepazo zili zoposa za anzake onse.

Za Aaron Rodgers sitichedwapo. Adatenga MVP kanayi, mu 2011, 2014, 2020 ndi 2021, ndipo womuposa ndi Peyton Manning yekha amene ali ndi zisanu. Adatenga Super Bowl ndi Green Bay Packers mu February 2011, ndipo waponya ma touchdown oposa 500. Zaka zake ziwiri ku New York Jets zidali zowawa, kuyambira pamene mtsempha wa kuchidendene udaduka patangopita ziwembu zinayi m'masewero ake oyamba mu 2023, ndipo pali atolankhani amene zolankhula zake siziwasangalatsa. Komabe malamulo a ku Canton amati ovota aziyang'ana za pabwalo, ndipo za pabwalo za Rodgers palibe angazitsutse.

Wachitatu ndi Travis Kelce, ndipo apa mkangano ukuyambika pang'ono. Kelce ndi tight end, wosewera amene nthawi zina amatchingira anzake ndipo nthawi zina amathamanga kukawakha mpira. Osewera a malo amenewa ovota akhala akuwachedwetsa. Gates, amene ali ndi ma touchdown 116, ochuluka kuposa tight end wina aliyense, adadikira chaka chimodzi, ndipo Shannon Sharpe adadikiranso. Chimene chikumusiyanitsa Kelce ndi iwowa ndi masewero achipulula. Mu January 2024 adapitirira Jerry Rice pa chiwerengero cha mipira yowakha m'ndime imeneyi, rekodi imene ambiri ankaiona ngati yosafikirika. Onjezeranipo masizoni asanu ndi awiri otsatizana, kuyambira 2016 mpaka 2022, akupitirira mayadi 1,000, komanso mayadi 1,416 a mu 2020 amene tight end wina sanawafikepo pa sizoni imodzi. Amene amati Kelce adakwera pamsana pa Mahomes akumbukire kuti masizoni awiri oyamba mwa asanu ndi awiriwo adawachita mpira akumuponyera Alex Smith. Ine ndikumuika pagulu la Tony Gonzalez, amene adalowa ulendo woyamba mu 2019.

Tsopano tifike pa munthu amene ndikufuna kuti timumvetse bwino, chifukwa ntchito yake sioneka pa bolodi la zigoli. Trent Williams wa San Francisco 49ers ndi left tackle. Quarterback woponya ndi dzanja lamanja akatembenuka kuti aponye, msana wake umaloza kumanzere, ndipo wotchinga wothamanga kwambiri wa timu inayo amadzera mbali imeneyo kuti amugwetse asanamuone. Ntchito ya Williams ndi kuima pakati pa awiriwo. Akagwira bwino ntchito, owulutsa mpira satchula dzina lake tsiku lonse, ndipo akalakwitsa kamodzi kokha aliyense amaona. Mukadzaonera 49ers, yesani kusiya kutsata mpira kwa ziwembu zingapo n'kuyang'ana nambala 71. Mudzaona munthu wolemera pafupifupi makilogalamu 145 akuchoka pamzere, kuthamangira m'mbali mwa bwalo patsogolo pa mnzake wonyamula mpira, n'kukankha wotchinga wopepuka amene amayenera kumuzemba mosavuta.

Popeza wosewera wotere alibe ma touchdown kapena mayadi oti tiwerenge, umboni wake umachokera kwa anthu amene amasankha timu ya All-Pro, imene imatenga wosewera wopambana onse pa malo alionse. Williams adasankhidwa m'timu yoyamba ya All-Pro mu 2021, 2022 ndi 2023, ali ndi zaka 33 mpaka 35, msinkhu umene anzake ambiri amakhala atapuma. Izi adazichita atajomba sizoni yonse ya 2019, pamene chotupa chimene chidali pamutu pake chidapezeka kuti ndi khansa, ndipo ubale wake ndi timu ya Washington, imene idamutenga mu 2010, udathera pomwepo. N'zoona kuti alibe mphete ya Super Bowl. Koma Joe Thomas adasewera malo omwewa ku Cleveland Browns kuyambira 2007 mpaka 2017 osalawako ngakhale masewero amodzi achipulula, ndipo adalowa ulendo woyamba mu 2023. Jonathan Ogden ndi Walter Jones nawonso sadadikire. Ngati khomo lidatsekukira atatuwa, palibe chifukwa chomveka choti limutsekekere Williams.

Munthu amene ma left tackle amalota usiku ndi Myles Garrett, amene mu sizoni ya 2025 adali ku Cleveland Browns, ndipo ndiye wachisanu pamndandanda wanga. Wotchinga akagwetsa quarterback asanaponye mpira amati wachita sack. Rekodi ya sizoni imodzi idali 22.5, ya Michael Strahan mu 2001, imene T.J. Watt adaifikanso mu 2021, ndipo theka limene mukulionalo limabwera pamene anthu awiri agwetsa quarterback limodzi n'kugawana. Garrett adaiphwanya mu sizoni ya 2025 ndi ma sack 23, m'timu imene inkagonja kawirikawiri, pamene adani ankamuikira anthu awiri omutchinga. Wakhala katswiri wa otchinga onse kawiri, mu 2023 ndi 2025. Chaka chimodzi chapitacho ndikadamuika pagulu la odikira, pakuti Strahan mwiniwakeyo adadikira chaka, DeMarcus Ware adadikira chaka, ndipo Jared Allen, wa ma sack 136, adalowa pa ulendo wachisanu. Rekodi ija ndi ulemu wachiwiri uja ndi zimene zamuolotsa. Watt, amene watsogolera ligi pa ma sack katatu, ali pafupi kwambiri, koma pakhomo lopapatiza chonchi kusiyana kwakung'ono kumeneku n'kokwanira kumuika kumbuyo kwa Garrett.

Ena onse amene ndiwatchule akalowa ku Canton, za izo sindikukayika, koma ndikuona kuti akayamba aima pamzere. Derrick Henry ndiye amandivuta kumusiya. Adathamanga ndi mpira mayadi 2,027 mu 2020 ali ku Tennessee Titans, n'kudzachitanso 1,921 mu 2024 ku Baltimore Ravens ali ndi zaka 30, pamene ambiri a malo ake miyendo imakhala itatha. Vuto lake n'lakuti ovota asiya kutengeka ndi mayadi, moti Frank Gore, amene ali ndi 16,000, sadalowe ulendo woyamba. Bobby Wagner wasankhidwa m'timu yoyamba ya All-Pro kasanu ndi kamodzi ndipo ali ndi mphete ya ku Seattle Seahawks, koma amasewera malo a Kuechly, ndipo taona kale zimene zidamuchitikira Kuechly. Mike Evans adapitirira mayadi 1,000 masizoni 11 otsatizana kuyambira 2014, kufanana ndi Rice, koma pamzere wa owakha mpira ndi pamene pali chithinithini chachikulu, pakuti Terrell Owens adalowa pa ulendo wachitatu ndipo Cris Carter pa wachisanu ndi chimodzi.

Nanga Lamar Jackson? Ali ndi MVP ziwiri, ya 2019 imene ovota onse adagwirizana pa iye ndi ya 2023, ndipo palibe quarterback wina amene wathamanga ndi mpira mayadi ochuluka kuposa iye chidutsireni Michael Vick mu December 2024. Kumuonera n'kokoma kuposa wina aliyense pa maina onsewa. Komatu Kurt Warner adali ndi MVP ziwiri ndi mphete pamwamba, koma adalowa pa ulendo wachitatu mu 2017. Quarterback amamuweruza ndi chikho mwa njira imene saweruzira left tackle, chifukwa mpira umadutsa m'manja mwake pa chiwembu chilichonse, ndipo Jackson sanafikepo mu Super Bowl. Atasiya lero angadikire, koma atatenga chikho kamodzi kokha nkhani yake ingathere pomwepo.

Pali chinthu china chimene wosewera sangachilamulire ndi luso lake, ndicho chaka chimene wasiyira. Mwa akatswiri amene adasiya kale, Tom Brady ndi J.J. Watt adzafika pamaso pa ovota mu 2028, Aaron Donald ndi Jason Kelce mu 2029, ndipo aliyense wa iwowa akalowa amatenga mpando umene wina wakale ankaudikira, mzere n'kumatalika. Rodgers, Travis Kelce, Williams, Wagner ndi wotchinga wina wotchuka Von Miller onse ali kumapeto kwa ntchito yawo, ndipo n'zotheka kuti atatu kapena anayi a iwo asiye chaka chimodzi. Zikadzatero, mipando ya osewera a m'nyengo ino sidzapitirira isanu, ndipo ovota ena adzafuna kusungira voti munthu amene wakhala akubwezedwa kwa zaka khumi. Rodgers ndi Travis Kelce sadzagwedezeka. Amene ndikumudera nkhawa ndi Williams, chifukwa m'chipinda chovoteramo mtolankhani womuyankhulira sadzakhala ndi manambala oti awerenge, ndipo adzayenera kukopa anzake pafupifupi 40 kuti akhulupirire zimene adaona ndi maso awo kumanzere kwa mzere.