Sipika ikamadukiza mawu yambani mwaona mawaya

Eya, moni nonse. Ndati ndingojambula mawu pa nkhani ija ya masipika omwe akumadukizadukiza kapena kulira mbali imodzi, chifukwa kutaipa zonsezi ndichedwa. Musathamange kaye kwa amisiri, nthawi zambiri sipika imakhala ili bwinobwino koma vuto lili kumbuyo pomwe waya walowa paja.

Yambani ndi kuzimitsa ampu, makina okweza mawu omwe masipika amalumikizidwako aja, ndipo muzule pulagi pasoketi, osati kungotsitsa voliyumu ayi, zulani. Mukatero tulutsani waya kumbuyo kwa sipika muone kumapeto kwake. Waya wa kopa akakhalitsa pamtunda amada, nthawi zina amachita kubiriwira makamaka nyengo ya mvula chinyezi chikachuluka, ndiye mawu sadutsa bwino. Musavutike ndi kupalapala, ingodulani masentimita awiri kapena atatu musende pena patsopano, sentimita imodzi basi yakwana. Posenda ndi lezala muzichita pang'onopang'ono kuti musadulire limodzi timawaya tamkati, komanso za kusenda ndi mano zija tazisiyani amwene. Mukasenda potani timawayato ndi zala mpaka tigwirane kukhala chinthu chimodzi.

Apa ndiye mumvetsetse chifukwa ma ampu ambiri amafera pomwepa. Kawaya kamodzi kokha, kakang'ono ngati tsitsi, kakatsalira kunja nkukakhudza pomwe palowa waya winayo, imeneyo ndi shoti. Ampu yabwino imazima yokha, ina imalemba PROTECT pagalasi, koma zotchipazi zimangopsa mkati ndipo ndalama yokonzetsa mumva nayo kuwawa pa chinthu choti mukanachipewa ndi maso okha. Ndiye mukalowetsa waya mu kakilipi kodina kogwira waya kumbuyo kwa sipika kapena ampu kaja, unikani ndi tochi ya foni muone ngati palibe kotsalira. Onaninso kuti kilipi yaluma kopa osati pulasitiki, kenako kokani pang'ono mumve ngati wagwira. Ngati kwanu ndi kopotokola kuja, mangani ndi zala zokha, ndipo muzionako pakapita miyezi chifukwa besi ikamagunda kumakhwefuka kokha.

Kofiira ndi +, kwakuda ndi -, ndipo waya wochoka kofiira pa ampu akafikenso kofiira pa sipika. Waya wambiri amakhala ndi mzere kapena zolemba mbali imodzi, tsatirani chimenecho. Mukatembenuza pa sipika imodzi sikuti chipsa chinthu ayi, nyimbo ilira ndithu koma besi imasowa, mawu amangomveka opepuka osadziwika komwe akuchokera, anthu nkumati sipika yatha mphamvu. Ngati zizindikiro zinafufutika tengani kabatire ka 1.5V kamurimoti, muchotse mawayawo ku ampu kaye, mugunditse kamodzi mwachangu mbali ziwiri za kabatireko mukuyang'ana koni, chija chimagwedezeka kutsogolo kwa sipika chija. Ikatulukira kunja ndiye kuti waya amene ali kukamutu ka batire ndi wa +.

Zikapitirirabe sinthanitsani masipika, yakumanja ipite kumanzere mawaya ali pomwepo. Vuto likasamuka limodzi ndi sipika, eya ndi sipikadi. Likatsala mbali yomweyo ndi waya kapena ampu, ndiye mulondole waya yense ndi dzanja, makoswe amatafuna kuseri kwa kabati, komanso uja wodutsa pansi pa chitseko amaduka mkati kunja akuoneka wabwino. Pojoina mukulunge ndi tepi ya magetsi, mbali iliyonse payokha, osati jumbo ya shuga chonde.

Za waya wogula, wonenepa 1.5 mm² amakwana pabalaza, koma ngati sipika ili kutali kupitirira mamita 10 tengani wa 2.5 mm². Wina amaoneka ngati kopa koma mukapala ndi mpeni mkati ndi moyera, ameneyo ndi aluminiyamu wongokutira, amathyoka msanga pamalo olumikizapo.

China, musamaunjike masipika pakilipi imodzi. Awiri a 8 ohms, muyeso wa momwe sipika imakanira magetsi, mukawaika pamodzi amakhala 4 ohms, ndiye werengani kumbuyo kwa ampu yanu muone nambala yomwe imalola, ma ohms a masipika akachepa kuposa pamenepo ampu imatentha. Mukamaliza zonse bwezerani pulagi voliyumu ili pa ziro, muzikweza pang'onopang'ono mukumvetsera mbali iliyonse payokha.