Majumbo "Owola Okha": Kodi Amawoladi?

Takulandiraninso, owonera athu. Lero tikukamba za zinthu zopakiramo tomato, masamba ndi zipatso, ndipo amene simunadine batani la subscribe, chonde dinani tsopano.

Choyamba, chimene sichifunika kukulunga musachikulunge. Anyezi, nthochi ndi malalanje zili kale ndi makoko ake.

Chachiwiri, ponyamula gwiritsani ntchito makreti otsukika, chifukwa tomato wa ku Lizulu akaunjikidwa m'dengu lalitali, wapansi amafika mumzinda ataphwanyika, ndipo madzi ndi feteleza zimene zinamulera zimapita pachabe.

Chachitatu ndi chimene chimandipweteka mtima. Anthu ambiri amakhulupirira kuti jumbo lolembedwa kuti biodegradable, kutanthauza kuti lowola lokha, ukalitaya kuseri kwa nyumba limasanduka dothi ngati tsamba la nthochi. Zimenezo si zoona ayi. Mu 2019, akatswiri a pa yunivesite ya Plymouth ku Britain anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anakwirira majumbo otere m'nthaka kwa zaka zitatu, ndipo atawafukula, ena anali olimbabe moti ankatha kunyamula katundu wogula kusitolo. Tangoganizani, zaka zitatu zathunthu! Pulasitiki ya PLA, yopangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe, imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 58 ndi chinyezi chokwanira m'malo apadera opangira kompositi kuti iwole msanga, ndipo dzala lanu silifika pamenepo. Mtundu wina, wa oxo-degradable, ndiye woipa kwambiri, chifukwa umangonyenyeka n'kukhala tizidutswa ting'onoting'ono tovuta kuona timene timatsalira m'munda ndi m'madzi, n'chifukwa chake mayiko a European Union anauletsa kuyambira mu 2021. Choncho jumbo lotere likagwera mumtsinje wa Mudi kapena likamezedwa ndi mbuzi, mawu okongola olembedwa pamenepo sathandiza kanthu. Kuno kwathu boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (micron ndi muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Nkhani yonseyo tinaifotokoza m'vidiyo ina, ipezeni pa tchanelo chino.

Chachinayi, pepala limang'ambika likakumana ndi masamba onyowa, choncho popita kumsika tengani basiketi kapena chikwama chansalu chimene mungachape.

Amene mumagulitsa pamsika, tiuzeni m'munsimu zimene makasitomala anu amanena mukawapempha kuti abwere ndi chotengera chawo.