Kuchitapo kanthu umboni usanakwane

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Akumbuyo mukundimva? Chabwino.

Ndiyambe ndi nkhani ya mjigo. Kumapeto kwa Ogasiti 1854, kolera anabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo m'masiku khumi okha anthu pafupifupi 500 anamwalira. Madokotala ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kolera amabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, sizinamukhutiritse. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene malemuwo ankatunga madzi, ndipo mayankho ankangoloza mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Ogwira ntchito pafakitale yofulula mowa mumsewu womwewo, amene sankamwa madzi a pamjigopo, anapulumuka. Koma mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu, amene ankachita kutuma anthu kukamutungira m'botolo pamjigo womwewo chifukwa madzi ake ankamukomera, anamwalira.

Tsono mvetsetsani apa. Snow kachilombo sanakaone. Madziwo atawaunika sanapezemo chinthu choti n'kuloza ndi chala. Komabe pa 7 Seputembala anakaima pamaso pa akuluakulu a deralo, ndipo tsiku lotsatira mkono wa mjigo unachotsedwa. Akuluakuluwo anali ndi chikaiko, koma tayerekezani kuti munali pamsonkhano umenewo. Ngati dokotalayu akulakwitsa, anthu ataya chiyani? Angoyenda kamtunda kukatunga kwina. Nanga ngati akunena zoona inu n'kupitiriza kudikira? Ndiye kuti mukukumba manda ena.

Imeneyi ndiyo mfundo yosamaliratu imene ndabwera nayo lero. Mu 1992 mayiko atakumana ku Rio de Janeiro anailemba ngati mfundo ya nambala 15 ya chikalata chawo cha zachilengedwe. M'mawu athu ikuti: pamene pali chiopsezo chachikulu, kapena choti chikachitika sichingabwezedwe, kusakwana kwa umboni wa sayansi chisakhale chifukwa chozengerezera njira zopewera zomwe mtengo wake ndi woyenera. Mawu amene ine amandigwira mtima ndi akuti sichingabwezedwe. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Nkhani yachiwiri ikuyankha funso loti umboniwo abweretse ndani. Kuyambira 1957, ku West Germany ndi mayiko ena ambiri kunkagulitsidwa mankhwala otchedwa thalidomide. Ankathandiza kugona, ndipo amayi oyembekezera ankamwa kuti achepetse mseru. Mu 1960 kampani ina inapempha chilolezo choti iwagulitse ku America. Pempholo linafika patebulo la Frances Kelsey, dokotala amene anali atangoyamba kumene ntchito kubungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, la FDA. Iye sananene kuti mankhwalawo ndi oopsa, poti analibe umboni wotero. Anangoti umboni woti ndi otetezeka sunakwane, bweretsani wina. Kampaniyo inamukakamiza kambirimbiri, iye osagwedezeka. Pofika kumapeto kwa 1961 zinadziwika kuti mankhwalawo ankaononga mwana ali m'mimba. Ana oposa 10,000 padziko lonse anabadwa opunduka, ambiri manja kapena miyendo ili yaifupi kapena palibiretu. Ndikaiganizira nkhaniyi ndimaona mayi amene anamwa kambulu kamodzi kuti agone bwino usiku umodzi, ndipo zimandiwawa. Wobweretsa chinthu chatsopano, amenenso adzapindule nacho, ndiye ayenera kusonyeza kuti n'chabwino. Si udindo wa wogula kuti adwale kaye kenaka ndiye timve.

Koma ndingakunamizeni ndikalekera pomwepa, chifukwa mfundoyi anthu amaipotoza n'kuisandutsa chilolezo chokanira chilichonse chimene akuchiopa. Mu 1998 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa ana 12 okha, amene anachititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto lokhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Makolo ambiri ku Britain anati tisamale, tisabayitse ana. Ankaganiza kuti akuwateteza. Kafukufuku wina wa ana zikwi mazanamazana sanapeze kugwirizana kulikonse, ndipo mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhani ija. Koma chikuku chinali chitabwerera kale. Makolowo anathawa chiopsezo chongomveka n'kukagwera m'chiopsezo chodziwika, chopha ana. Kukhala osachita kanthu nakonso n'kusankha, ndipo kuli ndi mtengo wake.

Ndiye mukakumana ndi nkhani yokayikitsa, kaya ya madzi, mankhwala kapena fakitale imene ikufuna kumangidwa pafupi ndi mtsinje, musangofunsa kuti kodi n'zoopsa. Funsani kuti tikalakwitsa mbali iyi tingathe kubwerera, nanga tikalakwitsa mbali inayo? Funsaninso kuti mantha athuwa atsamira pa chiyani: pa zimene wina wawerenga ndi kufufuza ngati Snow, kapena pa uthenga wongotumizirana pafoni? Kuchotsa mkono wa mjigo n'kosavuta kubweza, mawa mukhoza kuubwezeretsa. Mwana akamwalira ndi chikuku, palibe chobweza.

Chinanso, mukatseka chinthu musakagone, kafufuzeni. Snow mwiniwake anavomereza kuti mliri uja unali utayamba kale kuchepa mkono usanachotsedwe, chifukwa anthu ambiri anali atathawa m'deralo. Mbusa wina wa komweko, Henry Whitehead, sanagwirizane naye poyamba, ndipo anayamba kufufuza yekha kuti amutsutse. Mu 1855 anapeza kuti panyumba ya nambala 40 mumsewu womwewo panali khanda limene linadwala mliri usanafalikire, ndipo madzi ochapira matewera ake ankathiridwa m'dzenje la zonyansa. Atakumba anapeza kuti dzenjelo linali long'aluka, ndipo linali pamtunda wosakwana mita imodzi kuchokera pachitsime cha mjigo uja.