Chomera chopatsidwa ndi mnzako koma dzina lake osalidziwa

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse, amene muli kumbuyoko sunthirani kuno kuti ndisachite kukuwa. Ife kuno ku Blantyre timakonda kupatsana zomera, munthu wapita kukacheza ku Chilomoni kapena ku Bangwe, waona chomera chokongola pakhonde, "amayi ndithyoleko", basi wabwera nacho mujumbo. Ukamufunsa dzina akuti ndi maluwa basi, wina akuti anandiuza kuti ndi mankhwala a shuga. Mawu omalizawa ndi amene amandidetsa nkhawa, chifukwa mawa lake munthuyo wawiritsa masamba wamwa.

Mukafika nacho kunyumba musachibzale mudimba pamodzi ndi mpiru ndi tomato wanu ayi. Chiikeni muchigubu chodula kapena muthumba la simenti, chikhale kaye pachokha. Nonse mukudziwa zimene chisaka chinachita ndi nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje, matenda amenewo amayenda ndi ana a nthochi omwe timapatsanawa komanso nsabwe za m'nthochi, ndiye mnzakoyo wakupatsa ndi mtima wabwino koma munda wonse watha iye osadziwa n'komwe. Namasupuni uja amene amadzadza mu Shire mpaka kuvutitsa makina a magetsi ku Nkula kwawo ndi ku South America, anthu ankamufalitsa chifukwa cha duwa lake lokongola.

Tsopano chiyang'aneni bwinobwino, osati mongodutsa. Masamba akhala awiriawiri moyang'anizana kapena akusinthana pamtengo? M'mbali mwake ndi mosalala kapena muli timano ngati sowo? Fikisani tsamba limodzi mununkhize, koma kulawa ayi, pakamwa si poyesera. Thyolani kanthambi muone utomoni, ukatuluka woyera ngati mkaka sambani m'manja ndi sopo musanagwire kumaso, nkhadze mukuidziwa mmene imawotchera ikalowa m'diso. Palinso oleander, uja wa masamba ataliatali ndi maluwa apinki amene anthu amabzala m'mipanda, ameneyo ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa, ndipo ana athu amasewera pomwepo. Nthangala za nsatsi nazonso zimapha mwana akazitafuna.

Koma chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi chakuti masamba amanamiza, chomera chimadziwika bwino chikachita maluwa ndi zipatso. Pali maluwa a pakhonde a masamba akuluakulu ofanana kwambiri ndi koko, sadyedwa amenewo. Chinangwa chokoma ndi chowawa mukaona mitengo yake yodula simungasiyanitse msanga, pomwe chowawacho chimafuna kuviika masiku angapo chisanadyedwe. Ndiye dikirani, zina zimatenga chaka chathunthu kuti zionetse duwa, palibe chimene mukutaya podikira.

Pamene mukudikirapo bwererani kwa amene anakupatsaniyo mukafunse anachitenga kuti, chimatalika bwanji, chimayanga kapena ayi, ndipo ngati akuti chimadyedwa, iyeyo anadyapo kapena anangomva? Funsaninso agogo, anthu amene anakula akuthyola luni, denje, chisoso ndi bonongwe kutchire diso lawo ndi lakuthwa kuposa lathu.

Achinyamata ndikukuonani mwagwira mafoni, inde Google Lens ndi PlantNet zimathandiza ngati muli ndi bandulo, jambulani tsamba palokha, duwa palokha, kenako chomera chonse masana kukuwala. Kungoti pa zomera zathu zakuno nthawi zina foni imapereka dzina la chomera china chongofanana nacho, ndiye dzinalo mupite nalo kwa alangizi a zaulimi akatsimikize. Zikakanika pali akatswiri kumalo ofufuzira za ulimi ku Bvumbwe, komanso ku Zomba kuli National Herbarium kumene amasunga zomera zouma zolembedwa mayina. Dulani kanthambi kokhala ndi masamba ndi duwa, kayaleni pakati pa nyuzipepala, tsindirani ndi njerwa, muzisintha pepalalo kuti kasachite nkhungu, ndipo mulembe kumene munakatenga, tsiku lake ndi mtundu wa duwa, poti likauma mtunduwo umasuluka.