M'mbiri ya mlimi, khasu lili kuti?

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata uwu. Akuluakulu nonse, amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwadzikundika kumbuyoko, ndikupatsani moni. Mukundimva kumeneko? Mawu akapanda kufika mungokweza dzanja.

Chaka chino chokha taika anthu angapo m'mudzi muno. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa inu misozi sinaume, ndipo sindinabwere kudzatokosa zilonda. Ndabwera ndi chinthu chimodzi chimene chakhala chikundisowetsa mtendere kuyambira pa maliro omaliza aja. Munthu uja ataimirira kuti awerenge mbiri ya malemu, tinamva zotani? Anabadwa chaka chakutichakuti. Anakwatira. Ana akuti, zidzukulu zakuti. Anadwala miyezi yakuti, atisiya tsiku lakuti. Basi. Mphindi ziwiri zosakwana, pepala lapindidwa, lalowa m'thumba. Munthu wagwira khasu zaka 60, wadyetsa khomo lonse pamodzi ndi ana amasiye, koma m'mbiri yake khasu mulibe.

Akamwalira mphunzitsi timamva sukulu zonse zimene anaphunzitsako. Akamwalira wogwira ntchito muofesi timamva maudindo ake mmodzimmodzi. Akamwalira mlimi timangoti "anali mlimi", motsitsa mawu, ngati tikupepesa kuti tasowa chonena.

Koma tamvani izi. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, m'lipoti lake la 2014 linati padziko lonse pali minda ya mabanja yoposa 500 miliyoni, ndipo tikawerengera mtengo wa zokolola, minda imeneyi imatulutsa pafupifupi 80 peresenti ya chakudya cha dziko lapansi. N'chifukwa chake United Nations inapatula zaka za 2019 mpaka 2028 kuti zikhale zokweza ulimi wa mabanja. Ndiye anthu amene akudyetsa dzikowa, akafa amalembedwa pati? Bungwe la zaumoyo la WHO linanena mu 2021 kuti pa imfa 10 zilizonse padziko lapansi, 4 sizilowa m'kaundula aliyense, ndipo m'chigawo cha Africa pa imfa 10 imodzi yokha ndiyo imalembedwa. Munthu akhoza kubadwa, kulima moyo wake wonse, kumwalira, dzina lake osagwera papepala ngakhale limodzi. Tikapanda kumulemba ife, palibe wina akubwera kudzatilembera.

Ndikuuzeni za kupusa kwanga, kuti musaganize kuti ndaima pano ngati wodziwa zonse.

Agogo anga aakazi anali ndi nyemba zawozawo, zing'onozing'ono, zamawangamawanga, zimene sindinazionepo pamsika uliwonse. Ankazisunga mumtsuko wobenthuka kukamwa, atazisakaniza ndi phulusa, pamwamba atamata ndi dothi. Atamwalira, mtsuko uja tinaupeza kuseri kwa chitseko, mbewu ili bwinobwino. Tinati apa ndiye tilemekeza gogo. Mvula yoyamba itagwa tinakabzala kumtunda, limodzi ndi mbewu zina zonse. Zinamera, masamba biriwiri, ife n'kumadzitama. Mvula itakula maluwa anayoyoka, zina zinaola, ndipo zimene tinakolola sizinadzaze ngakhale kambale. Totsalato tinatiika m'thumba, anankafumbwe n'kumalizitsa.

Patapita chaka ndinakumana ndi mayi wina wokalamba, mnzawo wa agogo wa paubwana. Nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anati, "Mwana iwe, bwanji osandifunsa? Zija ankabzala mvula ikamapita kumapeto, kumunsi kwa chulu kuja, pamene pamasunga chinyezi." Mayi ameneyu ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Pa maliro anagona nafe mpaka tsiku lomaliza. Palibe anamufunsa kanthu. Paja amati safunsa anadya phula, ine ndinadya phula lake ndithu, ndipo mtundu wa nyemba uja unathera m'manja mwanga.

Ku Norway, pa zilumba za Svalbard, anthu anaboola phiri n'kumangamo nkhokwe ya mbewu imene inatsegulidwa mu 2008. Muli mapaketi a mbewu oposa 1 miliyoni ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo amasungidwa pamalo ozizira madigiri 18 kunsi kwa ziro. Ntchito yabwino kwabasi. Koma njere ilibe pakamwa. Siingakuuzeni kuti "ine mundibzale kumunsi kwa chulu". Zimenezo zimakhala m'mutu mwa mlimi, ndipo tikamuika, timaika nazo.

Ndiye ndikamati tikumbukire anthu amene atisiya, sindikunena zongowalira kapena kuwatamanda. Ndikunena kuti tizipita kwa amene atsala, tizifunsa, ndipo tizilemba.

Tipite liti? Osati sabata ya maliro, chonde. Wofedwa mutu umakhala suli pamalo, ndipo kumufikira ndi kope nthawi imeneyo ndi mwano. Komanso tisadikire zaka. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza mu 1885 zimene anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo: kuiwala kumathamanga kwambiri koyambirira, kenako kumayenda pang'onopang'ono. Zoona, nkhope ya mayi ako siili ngati timawu timeneto, suiiwala. Koma tinthu ting'onoting'ono ndi timene timayamba kuthawa: dzina limene ankaitchula mbewu ija, chaka chimene anatsegula munda wakudambo, mtengo umene anagwirizana ndi mnansi kuti ndiwo malire. Ine ndimaona kuti pakadutsa mwezi umodzi kapena iwiri, nyengo yolima yotsatira isanadutse, ndi nthawi yabwino. Mitima imakhala yatsikako, ndipo mundawo umakhala ukadali ndi mizere imene mwiniwake anaunga.

Tsopano kafunsidwe, pakuti apa ndi pamene ambiri timagwa. Mu 1974 akatswiri awiri ku America, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa anthu kanema wa magalimoto akugundana. Ena anawafunsa kuti magalimotowo ankathamanga bwanji pamene "anagundana", ena anawafunsa ndi liwu laukali, loti "anaphwanyana". Amene anamva liwu laukali lija anatchula liwiro lokwera. Patatha sabata, ambiri mwa iwo kuposa anzawo aja anati anaona magalasi osweka, chikhalirecho mukanemamo munalibe galasi losweka. Mwaona? Funso lako likhoza kuika m'mutu mwa munthu chinthu chimene sanaone.

Choncho ukapita kwa mayi wamasiye n'kumufunsa kuti, "Bambo anali munthu wabwino kwambiri, eti?" akuyankha chiyani? "Eya, anali wabwino." Nkhani yathera pompo. M'malo mwake funsa kuti, "Tsiku lawo linkayamba bwanji?" Funsa kuti, "Chaka chimene mvula inadula, anachita chiyani kuti ana adye?" "Ng'ombe ikadwala ankayamba kuyang'ana pati?" Ukafunsa, khala chete. Chete ameneyu amatiwawa, timafuna kumudzaza ndi mawu athu. Musiyeni munthu apukute misozi, ayang'ane kutali, mawu abwera okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo musamangokhala pakhonde. Nyamukani mupite kumunda. Munthu amene pakhonde amati "sindikukumbuka" akaponda m'munda amayamba kuloza: apa panali chitsime, mtengo uwu anabzala chaka chimene mwana wachiwiri anabadwa, mzere wa udzu uwu anaika madzi atakokolola nthaka. Ngati miyendo siikulola, mubweretsereni chinthu cha malemu agwire. Khasu lija lodyeka mbali imodzi, mpini wake wosalala ndi thukuta, limatsegula pakamwa kuposa mafunso khumi.

Musafunse munthu mmodzi yekha. Mkazi kapena mwamuna wa malemu amadziwa za m'nyumba. Mnzake wa paubwana amadziwa zimene ana sanamvepo. Ndiye pali wachitatu, amene mudabwe naye: munthu amene ankakangana naye. (Anthu akuseka.) Mukuseka, koma amene analimbana naye zaka khumi pa nkhani ya malire amamudziwa bwino kuposa mlamu wake wa kutali. Afunseni payekhapayekha, chifukwa pagulu wamkulu akalankhula ena onse amangovomera. Akasiyana pa chaka kapena pa chochitika, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena. Si ntchito yanu kuweruza.

Pali nkhani ina imene ndikufuna ndiinene mosapsatira. Tisasandutse malemu onse angelo. Mbiri iliyonse ikamati "anali wofatsa, wokonda anthu, wosakangana ndi munthu", ndiye kuti sitinalembe munthu aliyense. Ngati anali waukali pa nkhani ya mbuzi zolowa m'munda, lembani, zidzukulu zidzaseka n'kumuona ali wamoyo. Ngati anayesa mbewu ina n'kulephera zaka zitatu zotsatizana, lembani, chifukwa kulepherako kudzapulumutsa wina. Koma pali malire. Matenda amene anamutenga, ngongole zake, zinsinsi za m'banja, zimenezo mwini wake ndi banja. Muwawerengere kaye zonse zimene mwalemba, achotse zimene sakufuna. Inu achinyamata, ndikunena inu makamaka: chithunzi cha malemu kapena mawu a wofedwa sizipita pa Facebook eni ake asanalole.

Amayi, nkhani iyi ikukukhudzani kwambiri. FAO inanena mu 2011 kuti m'mayiko amene akutukuka kumene, pafupifupi 43 peresenti ya anthu ogwira ntchito zaulimi ndi akazi. Koma mayi akamwalira timamva kuti "mkazi wa uje", "mayi a uje", mpaka zidzukulu zimakula osadziwa dzina lake lenileni. Kawirikawiri amene amasankha mbewu yosunga, amene amadziwa kuti m'nkhokwe mwatsala chakudya cha miyezi ingati, ndi mayi. Lembani dzina lake lobadwa nalo, kwawo kumene anachokera, ndi za munda wake, osati wa mwamuna wake wokha.

Mwina wina akuti, zolembalembazi ndi za anthu otchuka. Ayi. Ku America, pakati pa 1936 ndi 1938, boma linatuma alembi kukacheza ndi okalamba amene anabadwira muukapolo, ambiri a iwo anthu a m'minda. Analemba nkhani za anthu oposa 2,300, ndipo mpaka lero zikusungidwa kunyumba yaikulu yosungira mabuku ya Library of Congress mumzinda wa Washington. Anthu amene m'moyo wawo sankawerengedwa kanthu, lero akatswiri a mbiri yakale amadalira mawu awo. Koma taonani zolakwika ziwiri. Ukapolo kumeneko unatha mu 1865, alembi anafika patadutsa zaka zoposa 70, moti ambiri amene anawapeza anali ana pa nthawi ya ukapoloyo. Akuluakulu amene anauona bwinobwino anali atapita kale. Chachiwiri, alembi ambiri anali azungu, ndipo n'zodziwika kuti okalamba ena sankamasuka kuwauza zonse. Ndiye potuma munthu wokafunsa, sankhani amene wofedwayo angamasuke naye, osati amene ali ndi sukulu yambiri chabe.

Za kasungidwe ndingodutsamo mwachangu. Kope likhale lachikuto cholimba, ndipo mulembe ndi pensulo. Inki ikanyowa imayenderera, ikakhala padzuwa imasuluka, pamene pensulo imakhala zaka zambirimbiri. Adani a pepala ndi chiswe, makoswe ndi chinyezi, choncho liikeni m'chitini chotseka bwino, pamwamba, osati pansi pa bedi. Mukopere kachiwiri, lina likakhale nyumba ina, chifukwa moto sufunsa. Amene muli ndi mafoni jambulani mawu. Mphindi imodzi imadya pafupifupi megabayiti imodzi, moti kucheza kwa ola lathunthu sikungadzaze foni. Poyamba penipeni tchulani tsiku, dzina la amene akulankhula, ndi dzina la malemu amene akunenedwa. Mawu opanda dzina, pakatha zaka zisanu, palibe adzadziwe kuti ndi a ndani. Foni imagwera m'madzi, imabedwa, ndiye tumizani kwa mbale wina tsiku lomwelo. Chithunzi chakale chijambuleni kaye ndi foni, ndipo potumiza pa WhatsApp muchitumize ngati dokumenti kuti chisachepe mphamvu. Ngati ndi chimodzi chokhacho, musachimatitse m'pulasitiki wotenthetsa uja, chifukwa chikalowa sichitulukanso bwino. Kuseri kwake lembani mayina mopepuka, osadinikiza.

Ndaona dzanja uko. Lankhulani mayi.

(Mayi wina akufunsa kuti nanga amene sadziwa kulemba atani.)

Funso labwino, mayi anga. Inu ntchito yanu ndi pakamwa, dzanja ndi la mdzukulu wanu. Mwana wa zaka 12 amene amalemba bwino ndi wokwanira. Kungoti mumuuze alembe mmene mwanenera, asakonze mawu anu kuti amveke ngati a m'buku. Mukati bambo ake ankati nthaka ija "yatopa", alembe kuti yatopa. Akamaliza akuwerengereni, muone ngati ndi zomwezo.

Kope ndabwera nalo, ndi ili, pensulo ndi iyi. Tsamba lililonse munthu mmodzi, likachepa tipitiriza kuseri. Sitikakamiza banja lililonse, amene sanakonzeke adzatiitana okha. Alipo amene angafune kuyamba lero?

Agogo, mwakweza dzanja? Musavutike kuimirira, tibwera komweko. Anyamata, tasunthirani mpando uwo pamthunzi. Iwe mtsikana wa foni, sendera pafupi, mphepo ingatenge mawu. Yamba ndi tsiku lalero, kenako dzina la agogo. Eya agogo, mwati mukufuna kunena za mchemwali wanu. Dzina lake lobadwa nalo anali ndani?