Rabi Leo Baeck, mphunzitsi amene anakana kuthawa

Zikomo a pampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Achinyamata muli kumbuyoko, senderani kuno, malo alipo.

Mawu akuti Rabi si achilendo kwa ife owerenga Baibulo. Pa Yohane 1:38 ophunzira awiri aja anamutchula Yesu choncho, ndipo wolembayo anamasulira yekha kuti ndiye kuti Mphunzitsi. Mpaka lero Ayuda ali nawo aphunzitsi otere, ndipo ine ndabwera ndi mbiri ya mmodzi, Leo Baeck.

Anabadwa mu 1873 m'tauni ya Lissa, imene panopa ili ku Poland. Bambo ake nawonso anali rabi. Iyeyu anali wa gulu la Ayuda amene amati chiphunzitso cha makolo chiziyankha mafunso a anthu a lero, chisamangotsekeredwa m'bokosi ngati zovala za pa Khirisimasi. Ku Germany gululi ankalitcha Liberal, kwina amati Reform kapena Progressive.

Mu 1900 katswiri wa zaumulungu wa Chikhristu, Adolf von Harnack, anatulutsa buku limene linaonetsa Chiyuda ngati chipembedzo chouma cha malamulo okhaokha. Baeck anali rabi wachinyamata m'tauni ya Oppeln, imene nthawi imeneyo inali ku Germany. Sanalalate ayi, anakhala pansi n'kulemba. Mu 1905 linatuluka buku lake, Das Wesen des Judentums, tinene kuti phata la Chiyuda. Mfundo yake inali yakuti lamulo la Mulungu si goli, koma njira imene munthu amakumanira ndi Mulungu pomuchitira mnzake chilungamo. Apa ife Akhristu tidzifunse, chifukwa timafulumira kutchula Mfarisi ngati chitonzo, osafufuza kuti eni akewo amati chiyani za anthu amenewa.

Mu 1912 anasamukira ku Berlin, kutumikira mpingo ndi kuphunzitsa ofuna kukhala aphunzitsi anzake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anali m'busa wa asilikali achiyuda m'gulu la nkhondo la Germany. Mumve bwino pamenepo, anatumikira dziko lomwelo limene linadzamuika m'ndende.

Hitler atatenga boma mu 1933 n'kuyamba kuzunza Ayuda, Ayuda a ku Germany anasankha Baeck kukhala mtsogoleri wa bungwe lowaimira onse. Mwayi wotuluka unalipo, ndipo anzake akunja ankamuitana. Mayi a kunyumba kwake anamwalira mu 1937, mwana wawo wamkazi anapita ku England. Chomutsekereza chinali chiyani? Anthu ake. Okalamba, odwala, osauka amene analibe kothawira. Anathandiza ambiri kutuluka, iye n'kutsala.

Mu January 1943, ali ndi zaka 69, anamutengera kumsasa wotsekeramo Ayuda wa Theresienstadt, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Gogo ameneyu anamupatsa ntchito yokoka ngolo ya zinyalala. Koma kukada, anthu anjala ankathithikana m'chipinda chozizira kudzamumvera akuphunzitsa za akatswiri a nzeru zakuya Plato ndi Kant, za mbiri ya anthu akale, zonse zochokera m'mutu. Taganizani, munthu m'mimba muli pululu, mawa sakulidziwa, koma akudzikoka kupita ku phunziro. Olondera ankawaona ngati manambala. Baeck ankawayankhula ngati ophunzira, anthu oyenera kumva zinthu zozama. Ine monga mphunzitsi, ndikafika pamenepa mtima umandigunda.

Pali chinthu china chimene sindingakubisireni. Ali kumsasako anamva kuti amene ankakwezedwa sitima kupita kumsasa wina wa Auschwitz ankakaphedwa ndi mpweya wapoizoni. Anasankha kusawauza anzake, poganiza kuti kudikira imfa ukuidziwa n'kowawa koposa. Ena anamudzudzula kwambiri pambuyo pake, amati munthu ali ndi ufulu wodziwa chimene chikumudikira. Ine ndimapendekera kwa odzudzulawo, koma ndimanena izi nditakhuta, ndili pamthunzi, ndipo mkuluyo anali atanyamula katundu amene ine sindinamunyamulepo.

Msasawo unamasulidwa mu May 1945, iye ali moyo. Anakakhala ku London, n'kumapitanso kukaphunzitsa ku Hebrew Union College mumzinda wa Cincinnati ku America. Anatsirizanso buku lina limene mbali yake analembera kumsasa kuja. Anamwalira pa 2 November 1956, ndipo sukulu ya ku London yosula aphunzitsi achiyuda, imene inatsegulidwa chaka chomwecho, anaipatsa dzina lake. Lero pa Leo Baeck College pamaphunzira amuna ndi akazi omwe.

A pampando, ndaona agogo kutsogoloku akweza mkono kalekale, tiyambe ndi iwowo.