Momwe chuma cha Japan chinasefukira ku Korea, Thailand ndi maiko oyandikana nawo

[Chithunzi: doko la Laem Chabang ku Thailand, galimoto zatsopano zandanda kudikira sitima]

Moni nonse. Galimoto mukuzionazi ndi za Toyota ndi Mitsubishi, koma zapangidwa ku Thailand, ndipo doko lomwe zikukwerera sitimali linamangidwa ndi ngongole ya boma la Japan. Zinatheka bwanji kuti dziko lomwe linali phulusa mu 1945 lifike pomangira anzake madoko?

[Chithunzi: Tokyo nkhondo itangotha]

Mu 1949 ndalama ya Japan anaiika pa mtengo wosasintha, mayeni 360 pa dola imodzi, ndipo inakhala pomwepo mpaka 1971. Chaka cha 1950 kunabuka nkhondo ku Korea. Asilikali a America ankafuna malole, zitsulo ndi nsalu, ndipo pafupi pogula panali ku Japan. Toyota, yomwe inali itatsala pang'ono kutseka, inapulumukira pa maoda a malolewo.

Nanga mpamba unkachokera kuti? Kwa anthu wamba. Mabanja ankasunga ndalama ku positi ofesi, boma nkumazibwereketsa kwa omanga misewu, madoko, magetsi ndi mafakitale a zitsulo. Madola anali osowa, choncho unduna wa zamalonda ndi mafakitale, MITI, ndiwo unkasankha kampani yoti ipatsidwe madola ogulira makina ndi luso kunja. Mu 1960 nduna yaikulu Hayato Ikeda inalonjeza kuti chuma chidzawirikiza kawiri m'zaka 10. Zinachitika m'zaka pafupifupi 7. Kuyambira 1955 mpaka 1973 chuma chinkakula ndi pafupifupi 10 peresenti pachaka, ndipo mu 1968 Japan inapitirira West Germany. Ena analipira ndi matupi awo: ku Minamata, poizoni wa fakitale anawononga nsomba nkupundula anthu ozidya.

[Mapu: Burma, Philippines, Indonesia, South Vietnam]

Kutuluka kwa Japan kunayamba ndi chipukuta misozi cha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Inagwirizana ndi Burma mu 1954, Philippines mu 1956, Indonesia mu 1958 ndi South Vietnam mu 1959. Apa mvetserani bwino. Chipukuta misozicho sichinkapita ngati ndalama ayi, chinkapita ngati katundu ndi ntchito za makampani a ku Japan. Burma inalandira malo opangira magetsi a Baluchaung, koma omanga ndi ogulitsa makina anali a ku Japan, ndipo makina akafuna sipeya, mukudziwa kale kokagula. Thandizo linali lenileni, msika nawo nkutseguka.

South Korea ndiyo inachita zanzeru. Pa mgwirizano wa 1965 inalandira madola 300 miliyoni aulere ndi 200 miliyoni angongole. Gawo lina inamangira fakitale ya zitsulo ya POSCO ku Pohang, amisiri ake nkuphunzira ntchito kwa anzawo a ku Japan. Patangopita zaka, wophunzira anayamba kulimbirana msika ndi mphunzitsi.

Sikuti konse ankaombera m'manja. Mu Januwale 1974, nduna yaikulu Kakuei Tanaka itafika ku Jakarta, anthu okwiya anatentha galimoto za ku Japan m'misewu. Mu 1977 nduna yaikulu ina, Takeo Fukuda, anakalonjeza ku Manila kuti dziko lake silidzakhalanso lankhondo, ndipo ngongole zofewa zinachuluka.

[Pa sikirini: 240, kenaka 120]

Chomwe chinasamutsadi mafakitale ndi mgwirizano wa Plaza, ku New York, mu Seputembala 1985. America inkadandaula kuti katundu wa ku Japan watchipitsitsa, ndiye maiko asanu anagwirizana kugwetsa dola. Dola inkagula mayeni pafupifupi 240. Pofika kumapeto kwa 1987 inali pafupi ndi 120. Tiyeni tiwerengetsere. Galimoto ya mayeni 2,400,000 inkagulidwa madola 10,000. Galimoto yomweyo, osasintha ngakhale tayala, tsopano ikufuna madola 20,000. Angagule ndani? Mwini fakitale anangotsala ndi njira imodzi: kukalumikizira galimoto, ma TV ndi mafiriji komwe malipiro ndi otsika, koma doko ndi magetsi zilipo. Thailand, Malaysia ndi Indonesia anali okonzeka, ndipo mbali ina ya kukonzekako inachokera ku ngongole za Japan zomwe zija.

Katswiri wa zachuma Kaname Akamatsu anaziyerekeza ndi atsekwe ouluka motsogozana: wakutsogolo akasiya nsalu nkupita ku zitsulo, wotsatira amatola nsaluzo. Chithunzicho nchokongola, koma chimabisa kanthu. Ntchito yolumikiza inasamuka msanga, pomwe kujambula mapulani, makina opangira makina ndi zipangizo zodula zinachedwa ku Japan. Thailand lero imapanga galimoto zoposa miliyoni pachaka, koma pafupifupi zonse zili ndi maina akunja. Malaysia inayesa yakeyake, Proton Saga ya 1985, nayonso mkati mwake inali Mitsubishi.

Kudalirana kotere kumaluma mbali zonse. Madzi osefukira a 2011 atamiza fakitale ya Honda ku Ayutthaya ndi opanga zipangizo ozungulira, mafakitale ena mpaka ku Japan komweko ndi ku America anachepetsa ntchito.

[Chithunzi: msika wa masheya ku Tokyo]

Kwawo ku Japan zinthu zinali zitapotoka kale. Pofuna kuziziritsa ululu wa yeni yamphamvu, banki yaikulu inatsitsa chiwongoladzanja, ndalama nkuthamangira ku malo ndi masheya. Pa 29 Disembala 1989 mlingo wa Nikkei, woonetsa mitengo ya masheya ku Tokyo, unafika 38,915, kenaka unagwa, osabwereranso pamenepo mpaka Febuluwale 2024. Ndalama ya Thailand itagwa mu Julayi 1997, Japan inafuna kukhazikitsa thumba la Asia lopulumutsira maiko, koma America ndi IMF anakana. M'malo mwake Japan inaika pambali madola 30 biliyoni othandizira maiko a ku Asia mu 1998.

China, yomwe inayamba kulandira thandizo la Japan mu 1979, inaipitirira pa chuma mu 2010, ndipo tsopano awiriwa amalimbirana ntchito zomanga. Njanji ya sitima yothamanga ya Jakarta kupita ku Bandung inapita kwa China mu 2015. Japan inatenga ya Mumbai kupita ku Ahmedabad ku India, ndi ngongole ya zaka 50 pa chiwongoladzanja cha 0.1 peresenti.